Wofunditsa Mipando

Ntchito yanga yoyamba inali yokhala pansi. Chaka sindichikumbuka, ndipo dzina la tauniyo linandichoka kalekale. Chimene chinatsala ndi fumbi lofiira, mtengo umodzi wa mthethe pakati pa depoti, ndi maminibasi atandanda ndi zitseko zoyasama.

Amene anandilemba anali kondakitala wina dzina lake Gwazani, munthu wa mpata kumano amene ankatha kuseka ngakhale pamaliro. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Nkhope yakoyo ndi ya ulendo, aise," anatero. "Ukuoneka ngati wina akukudikira kwinakwake. Tiye kuno."

M'tauni imeneyo minibasi sinkanyamuka ndi wotchi, inkanyamuka ikadzaza. Ndipo munthu wa ulendo sakwera galimoto yopanda anthu. Amasuzumira pawindo, n'kuwerenga mitu, n'kukwera imene yatsala pang'ono. Ife ndiye tinali mituyo. Tinalipo asanu ndi mmodzi, ndipo pa depoti ankatitchula kuti ofunditsa mipando. Ankatipatsa zikwama zopanda kanthu, wina thumba la makoko a chimanga, wina nkhuku, yomweyomweyo tsiku lililonse, mpaka inazolowera n'kumagona pamwendo pake. Wokwera weniweni akalowa, mmodzi wa ife ankadikira pang'ono, n'kunena kuti akukagula madzi kapena akukataya madzi, n'kutsika osabweranso. Mitu sinkachuluka ndipo sinkachepa.

"Usamatsike ngati wakuba," ankandiphunzitsa Gwazani. "Dandaula kaye. Funsa dalaivala kuti tinyamuka nthawi yanji, ufunse mokwiya, uyang'ane dzuwa." Ndisaname, ndinali katswiri. Ndinkadandaula mpaka okwera enieni n'kumanditonthoza.

Tsiku lina m'mawa, dzuwa lisanayambe kuluma, kunabwera mayi wina wa chitenje chabuluu atagwira mkono bambo ake okalamba. Mayiyo anali ndi chipsera chodula nsidze yakumanzere pakati. Madalawo ankapuma ngati pampu ya njinga yotha chikopa, ndipo ulendo unali wa ku chipatala chachikulu cha mumzinda wa kuseri kwa mapiri. Pambali pathu panaima minibasi ina yoyera yopita komweko. Munali anthu anayi okha, koma onse anayi anali enieni. Mwathu munali mitu isanu ndi itatu, ndipo isanu ndi umodzi inali yathu.

Mayiyo anakhazika bambo akewo pafupi ndi ine, koma iye anaimabe pakhomo, maso uku ndi uko.

"Achimwene, mwakhalamo nthawi yaitali? Kapena tikwere inayo?"

"Mayi, mapanga awiri avumbwitsa," ndinatero. "Iyi yatsala pang'ono. Werengani nokha mitu."

Anawerenga, n'kukhala pansi.

"Ukupita kuti, mwanawe?" anandifunsa madala aja, mawu akutuluka limodzilimodzi.

"Kwa amayi, akundidikira."

Amayi anga anali atagona kumanda zaka zambiri. Madala aja anagwedeza mutu n'kunena kuti ndachita bwino, mayi sadikiritsidwa. Kenako anatsamiritsa mutu paphewa langa lakumanzere.

Anzanga anayamba kutsika mmodzimmodzi, wa nkhuku, wa makoko, ena aja. Nthawi yanga itakwana Gwazani ananditsinzinira diso kawiri, koma sindikanadzuka popanda kugwetsa mutu wa munthu. Minibasi yoyera inadzaza, inatseka chitseko, inapita. Mayi uja anayang'ana fumbi lake mpaka linakhazikika. Dzuwa litafika paliwombo pampu ija inaleka. Ine ndi amene ndinayamba kudziwa, chifukwa mutu uja unalemera.

Ndinathandiza kutsitsa thupi, tinaligoneka pansi pa mthethe. Mayiyo sanalire. Anavula chitenje chake n'kufunditsa bambo ake, anatuma munthu kukafuna ngolo, anatola nsapato imene inagwera pansi pa mpando. Ngolo itabwera anandigwira manja onse awiri, n'kupinda mawondo.

"Pepani achimwene, takuonongerani ulendo. Amayi anu azidabwa."

"Palibe kanthu, mayi," ndinayankha.

Gwazani anandikuwira kuti mpando ukuzizira. Ndinaika pansi chikwama chopanda kanthu chija, ndinatuluka pa depoti, ndinatsata msewu. Akulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Kuyambira tsiku limenelo ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: kumupeza mayi uja ndi kumuuza kuti ine sindinkapita kulikonse. Dzina lake sindinkalidziwa, mudzi wake sindinkaudziwa.

Ndinayenda dzinja limodzi kapena atatu, ndinafika m'tauni ya pachigwa, yosalala ngati lichero, kumene njinga zinkachuluka kuposa agalu. Kumeneko ndinaphunzira kabaza kwa a Kachingwe, bambo wamfupi wa akatumba otupa ngati mbatata, amene anali atapalasa njinga mpaka miyendo yawo inaiwala kuyenda bwino pansi.

"Ubwino wa njinga ndi umodzi," anatero tsiku loyamba, akumanga khushoni pa keliyala. "Wakwera mmodzi, ndiye yadzaza. Nyamuka."

Mawu amenewo anandikomera ngati madzi a mumtsuko. Anandiphunzitsanso kuti wokwera sumuyang'ana, umamumva ndi msana. Wopita ku ukwati amapepuka, wopita kukhoti amalemera, wopita kukaona wodwala amakankha mpweya ndi mawondo ngati akupalasa nawe.

Koma njinga yanga inkakokera kumanzere. A Kachingwe anamanga masipoko, anawongola foloko, anayeza mahandulo ndi diso limodzi, kenako anaikwera okha mpaka kumsika n'kubwerera, manja ali m'thumba.

"Njingayi ilibe mlandu," anatero. "Iweyo wanyamula ndani?"

Ndinailandira njingayo n'kupita kukasaka okwera.

Panjinga n'posavuta kuulula, chifukwa munthu ali kumbuyo ndipo nkhope yake suiona. Tsiku lina ndinanyamula mayi wa chitenje chabuluu, ndipo tisanadutse mlatho ndinali nditayamba. Ndinanena za mitu, za chikwama, za minibasi yoyera. Anamvetsera mpaka pakhomo pake. Atatsika ndinaona kuti nsidze zake zonse zinali zathunthu.

"Si ine, bambo," anatero. "Ine amene anandifera anali mwana wanga, ndipo inali lole ya matola. Tinkadikira matumba a makala kuti akwane."

Wina, miyezi itapita, anati si iye, iye amene anamufera anali mwamuna wake, ndipo dalaivala anali atapita kukameta. Winanso anati si iye, koma ndifotokozebe mpaka kumapeto, chifukwa palibe anamufotokozerapo. Ndinayamba kuopa kuti dziko lonse ndi depoti imodzi, ndipo aliyense ali ndi wake amene anamugoneka pansi pa mtengo.

Kenako anabwera anthu a zipewa zachikasu n'kukuza msewu. Anaukuzira magalimoto. Phula linafika mpaka pamene panali kanjira kathu, ndipo m'mphepete mwake anasiya chigwembe chakuya ngati mzere wa fodya. Njinga inkayenera kusankha, phula kapena chigwembe. M'mawa wina a Kachingwe anasankha phula, atanyamula mphunzitsi wochedwa kusukulu, ndipo lole ya simenti sinawaone. Mphunzitsiyo anachira. A Kachingwe tinawaperekeza a kabaza tonse, tikukankha njinga ndi manja, tikuliza mabelu. Pobwera kumanda ndinatsamiritsa njinga yanga pakhoma la nyumba yawo, ndinapitirira.

M'tauni yotsatira, imene sindinakhalitse, ndinaona minibasi itaima ndipo pawindo panali mwamuna atafungatira chikwama chofwapa, akudandaula mokweza kwa dalaivala. Ndinamuzindikira ngati mbale wanga. Pakhomo panaima mayi ndi mwana kumbuyo, akuwerenga mitu.

"Mayi, musakwere," ndinatero. "Asanu mwa amenewa sakupita kulikonse."

Anyamata oitanira anandikokera kuseri kwa maokala n'kundithyola dzino. Pamene ndinkadzuka ndinaona mayi uja ali mkati, atakhala bwinobwino pafupi ndi wa chikwama. Mitu ndi mitu, ndipo ine ndinkaoneka ngati wamisala.

Ndinafika mumzinda wa pamapiri, kumene utsi unkagona m'zigwa mpaka masana. Kumeneko aliyense amene anali ndi kanthu anagula galimoto yakeyake kuti asadikirenso minibasi, ndipo onse ankadikira limodzi pamsewu, munthu mmodzi m'galimoto imodzi, mawindo otseka, mainjini akulira. Oyenda pansi ankawapitirira, mazanamazana, m'mphepete mwa ngalande. Pambali pa msewu womwewo panali mayi wina dzina lake Nasuwema, amene ankasoka nsapato za matayala akutha n'kumagulitsa kwa oyenda pansiwo. Anandipatsa mpeni ndi chitini cha madzi.

"Nyowetsani mpeni, tayala silifuna ukali," anatero. "Ndipo muziyang'ana phazi kaye. Anthu a kuno chidendene chimawathera mbali imodzi, chifukwa amayenda mopendekeka, kuthawa magalimoto. Mbali imeneyo muziikako chochindikala."

Anali mkazi wa mawu ochepa ndi chifuwa chosatha, cha utsi umene ankaupuma kuyambira m'mawa. Tinangolowana, opanda ankhoswe, m'kanyumba ka chipinda chimodzi kumtunda kwa phiri. Ndinamukonda, ndinene mosabisa. Madzulo ndinkamuwiritsira masamba a bulugamu, iye n'kumanditsutsa kuti ndimadula zidendene ngati ndikudula chinangwa.

Koma ndinali ndi nthenda imene ndinaitenga pa depoti. Munthu akalowa pamene ndakhala, thupi langa linkadikira pang'ono, n'kudzuka lokha. Kutchalitchi sindinkamaliza ulaliki. Pamaliro ndinkasiya benchi kwa aliyense wobwera, n'kupezeka ndili kunja kwa mpanda. Ndinamufotokozera Nasuwema zonse, iye akunola mpeni.

"Mlandu suola, n'zoona," anatero. "Koma munthu amaola. Inu simukhala nane m'nyumba muno, mukungosungira wina malo."

Ndinalumbira kuti ndisintha. Ndinasintha kwa nyengo imodzi ya mvula. Kenako Lamlungu lina kunabwera mchimwene wake kudzationa, munthu wabwino, atanyamula nthochi. Analowa, anakhala pampando. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti ndikukagula madzi. Nasuwema anandiyang'ana, ndipo anadziwa ine ndisanadziwe. Ndinatsika phiri, ndinadutsa magalimoto oima aja, ndipo miyendo sinabwerere. Pa zonse zimene ndinataya m'njira, chimenechi ndiye chimandichititsa manyazi kwambiri.

Za zaka zotsatira ndilibe zambiri. Ndinamata machubu, ndinakankha wilibala, ndinatsuka magalimoto a anthu. Paliponse ndinkayang'ana nsidze za akazi mpaka amuna awo n'kundifunsa chimene ndataya. Tsitsi linayera. Phewa lakumanzere linatsika, moti malaya anga onse ankagwera mbali imodzi.

Mzinda wotsiriza ndinaufika osadziwa kuti ndalowa mumzinda, chifukwa kunalibe phokoso limene ndinazolowera. Kunali mabasi akuluakulu oyendera magetsi, amene ankawatchaja pabwalo ngati mafoni. Anali ndi njira yawoyawo pakati pa msewu, ndipo pambali panali kanjira ka njinga kotchingidwa ndi miyala, kamene ndinakayang'ana nthawi yaitali ndikuganiza za a Kachingwe. Basi ikamabwera unkangomva matayala pa phula, ndi kabelu.

Woyang'anira siteji yaikulu anali mayi Chisuse, mkazi wa msinkhu woti akanakhala mwana wanga, wa wotchi yaikulu pamkono. Anandipatsa tsache, nati ndizisesa m'mabasi ndi kuthandiza okalamba pokwera. Tsiku loyamba lomwelo ndinadzichititsa manyazi. Basi ya mipando makumi asanu inali ndi anthu atatu, ndipo dalaivala anayamba kutseka chitseko. Ndinathamanga, ndinamenya pabodi ndi chikhatho.

"Dikirani, sinadzaze!"

Ndinalowa ndi tsache langa n'kukhala pawindo, nkhope ya ulendo ili m'malo mwake, kuti odutsa aone mutu. Mayi Chisuse anabwera akuseka mpaka kugwira chitsulo cha pakhomo.

"Madala, tsikani. Kuno imanyamuka ndi nthawi, kaya muli atatu kaya mmodzi."

"Ndiye mipando yonseyi ipite yozizira?"

"Ipite. Atatuwa nawonso akudikiridwa. Ena akwera kutsogolo, chifukwa akudziwa kuti ibwera."

Ndinatsika. Basi inapita ndi anthu ake atatu. Ndinazungulira kuseri kwa bwalo kumene kunalibe munthu, ndinakhala pansi, ndinalira. Sikunali kulira kwa chimwemwe. Ndinakwiya, chifukwa ndinaona kuti zinali zotheka nthawi yonseyi.

Ndinasesa m'mabasi amenewo nyengo zingapo. Ndiye m'mawa wina wa mitambo, anthu a kuntchito atapita kale, pa siteji panafika mayi wokalamba yekhayekha, ndodo kudzanja limodzi, kwinako buku la kuchipatala lokulunga m'pepala la pulasitiki. Ndinamugwira chigongono kuti akwere. Atadzutsa nkhope kuti athokoze, ndinaona nsidze yakumanzere, yoyera tsopano, yoduka pakati.

Ndinatsamiritsa tsache pachipilala. Ndinalowa, ndinakhala pambali pake. M'basi monse munali ife awiri ndi dalaivala. Nthawi inakwana, chitseko chinatseka, tinanyamuka.

"Mayi, kale munaperekezapo bambo anu ku chipatala, iwo n'kumwalirira m'minibasi pa depoti ya fumbi. Anatsamira munthu wina."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako nkhope yake yonse inatseguka, anandigwira dzanja.

"Ndinu? Achimwene, ndinu? Nanga munakafika? Amayi munawapeza?"

"Kunalibe amayi. Kunalibe ulendo."

Ndinafotokoza monga ndinkafotokozera panjinga, koma tsopano nkhope inali patsogolo panga. Ndinanena za Gwazani, za mitu isanu ndi umodzi, za chikwama chopanda kanthu, za anzanga amene ankatsika mmodzimmodzi. Ndinanena kuti pamene anandifunsa za minibasi yoyera ndinkadziwa bwino lomwe imene iyambe kunyamuka. Dzanja lake linachoka pa langa pang'onopang'ono n'kukakhala pa buku lija.

Tinadutsa siteji imodzi, palibe anakwera. Tinadutsa yachiwiri.

"M'mawa uliwonse," anatero, osandiyang'ana, "ndimati, Ambuye, munthu uja tinamuonongera ulendo, mukamufikitse. Ana anga amakudziwani. Adzukulu anga amakudziwani. Ndiye Mulungu akanakufikitsani kuti?"

Anapitiriza, maso ali pawindo.

"Ine ndinkati inali nthawi yawo. Ndinkati ngakhale tikanakwera inayo akanatsikira m'njira. Ndi mmene ndakhala ndikugonera tulo." Anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. "Inu munali wa pa depoti, munkawadziwa magalimoto. Ndiuzeni chimodzi. Yoyera ija inakafika nthawi yanji?"

Ichi ndi chimene sindinauzepo aliyense, ngakhale Nasuwema. Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa. Ndikanatha kunena kuti inaphulika tayala m'mapiri, ndipo akanakhulupirira, chifukwa nkhope yanga anthu amaikhulupirira. Ndinaona kuti mayiyu ndikumulanda chofunda chimene wafunda moyo wake wonse, ndipo sindinkadziwa ngati ndikuchitira iye kapena ine.

"Inapita, inatsitsa anthu pachipata cha chipatala, inabwerako," ndinatero. "Inadzaimanso pambali pathu, inu maso ali pa bambo anu. Bambo anali akupumabe."

Anagwedeza mutu kamodzi, monga munthu wouzidwa mtengo wa chinthu. Anakonza chitenje pamawondo. Kenako anatambasula dzanja n'kudina belu.

"Tsikani, bambo. Ndikufuna ndikhale ndi bambo anga."

Basi inaima, ndinatsika. Chitseko chisanatseke n'komwe anayamba. Kunali kulira kwa maliro atsopano, kwa mwana wamkazi amene wangouzidwa kumene, kuitana ababa, ababa, mwandisiyira yani. Basi ya injini ikanakumeza kulira kumeneko. Iyi inalibe phokoso loti ibisire munthu, ndipo mawu ake anatuluka m'mawindo onse n'kudzaza msewu.

Dalaivala sanaime, koma anayendetsa pang'onopang'ono. Ndinaona amayi ogulitsa tomato akuimirira. Wa kabaza anatsika panjinga yake. Amuna amene ankakumba ngalande anaika makasu pansi n'kuvula zipewa, ndipo kutsogolo ena anaona amenewa n'kuvulanso zawo, mpaka kumene maso anga analekera. Mwamuna wina amene anaima pafupi nane, chipewa chili pachifuwa, anayang'ana basi yopanda anthuyo n'kundifunsa monong'ona kuti maliro ndi a ndani, ndipo amwalira liti.

"Lero," ndinatero.